Mafuta a Mabuleki pa Ulendo wa ku Usisya

Tinanyamuka pa Chintheche cha m'ma 5 koloko m'mawa, tsiku Lachinayi m'mwezi wa Julaye, pa kagalimoto ka tani imodzi komwe tinachita hayala pa K70,000. Tinkapita kukatenga thupi la apongozi anga aamuna kuchipatala ku Nkhata Bay kuti tikawaike kwawo ku Usisya. Kutsogolo kunakhala mkazi wanga NyaChirwa ndi azakhali ake, mayi wosasunga mawu m'kamwa amene aliyense amangowatchula kuti Ankhazi. Ine ndinali kumbuyo ndi bokosi lopanda munthu, matumba awiri a ufa, shuga ndi mchere. Chigubu cha mafuta ophikira cha malita asanu chokha ndi chimene chinakwera kutsogolo. Ankhazi anachifumbata pamiyendo, ati kumbuyo chingatayike, ndipo pamaliro a mchimwene wawo anthu sadzadya ndiwo zamadzi.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndine makaniko wa maminibasi, ndipo sipanala ndaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kunyanja ndakhalako zaka zisanu ndi zitatu koma kusambira sindidziwa. Apongozi angawo ankandiseka nazo zimenezi mpaka tsiku lawo lomaliza, ankanditchula kuti mkamwini wa pamsewu.

Msewu unali wopanda anthu, kupatula antchito a m'minda ya labala omwe ankalowa m'mitengo ndi zidebe zawo. Titaima pang'ono kuti tigule chinangwa chophika cha K500, dalaivala wathu anayang'ana nsonga za mitengo n'kupukusa mutu.

"Bwana, mukuti mukwera boti lero? Mwera wayamba kale uwu."

"Tifika," ndinayankha motero, ngati munthu wodziwa za mphepo.

Zakuchipatala zinatha mwachangu. Pofika hafu pasiti 8 bokosi linali litalowa m'boti la alamu anga a Yotamu, mchimwene wa mkazi wanga. Tinalimanga pakati ndi zingwe n'kulifunditsa lona. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi: a Yotamu, NyaChirwa, Ankhazi, asuweni awo awiri omwe ndi asodzi, ndi ine. Mayi wina wogulitsa mandasi pagombepo anatipatsa asanu aulere ataona bokosi, n'kunena kuti, "Muyende bwino, koma muziyenda kufupi ndi mtunda."

Boti la a Yotamu si lofanana ndi maboti ena a kumeneko, omwe woyendetsa amakhala kumbuyo atagwira mkono wa injini. Ili analigula ku loji ina yomwe inatsekedwa, ndipo lili ndi chiwongolero ngati galimoto. Kuseri kwa chiwongolerocho kuli kapampu. Ukapotokola, kapampuko kamakankha mafuta m'mapaipi awiri opita kumbuyo, mafutawo n'kukankha silinda, chitsulo chimene chimatembenuza injini kumanja kapena kumanzere. A Yotamu anagulitsa maukonde a banja kuti aligule, ndipo bambo awo anakhala chaka chathunthu osawalankhula.

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo masiku asanu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Tsiku lomwe a Yotamu anabweretsa bambo awo kuchipatala, anandipempha kuti ndione chiwongolero, ati chikupepuka. Ndinatsegula kachitsekero pamwamba pa pampu n'kupeza kuti mafuta atsika. Iwo anandiuza kuti mafuta ake amapezeka ku Mzuzu, ndipo anathamangira kwa wodwala. Ine ndinayang'ana pampu, ndinayang'ana mapaipi, ndinayang'ana silinda, n'kudziuza kuti ichi n'chimodzimodzi kilachi ya minibasi. Ndipitirenji ku Mzuzu? Ndinatulutsa botolo la mafuta a mabuleki m'chikwama changa n'kuthira mpaka kudzaza. Madzulo ake ndinangowauza kuti, "Zatheka, alamu." Anandithokoza ndi mulu wa usipa wouma.

Ola loyamba ulendo unali wabwino. Mwera unkachokera kumbuyo, mafunde n'kumatinyamula ngati akutiperekeza. Kumanzere kwathu mapiri ankatsetsereka mpaka kulowa m'madzi, apa ndi apo kagombe ka nyumba zitatu ndi minda ya chinangwa yopachikika m'mbali mwa phiri. Azimayi ankaimba nyimbo yamaliro motsitsa mawu. Ine ndinadya ndasi limodzi.

Cha m'ma 10 koloko mafunde anakula. Ndinaona a Yotamu akupotokola chiwongolero kawiri pamene poyamba ankapotokola kamodzi. Kenaka katatu. Anayamba kucheukira kumbuyo. Ndinakwawa mpaka kukafika pa injini, ndipo ndinaona zimene sindinkafuna kuona. Kumapeto kwa silinda kunkatuluka timadontho, ndipo akapotokola chiwongolero timadonthoto tinkasanduka kamtsinje. Ndinagwira ndi chala n'kununkhiza. Fungo limenelo ndingalizindikire ngakhale nditatseka maso.

Makaniko aliyense amadziwa kuti ukathira oilo m'mabuleki, timalabala totseka mafuta timatupa n'kuwonongeka. Ineyo ndakalipirapo anthu ambiri pa nkhani imeneyi. Koma sindinaganizepo kuti zingachitikenso mbali inayo, kuti timalabala topangidwira oilo sitingapirire mafuta a mabuleki. Masiku asanu onsewo mafuta anga anali akudya timalabala ta m'boti mwakachetechete.

Ndisanaganize chonena, funde lalikulu linatinyamula kumbuyo. A Yotamu anapotokola, chiwongolero chinangozungulira ngati gudumu la njinga yogonekedwa, boti osamva. Linatembenuka n'kupereka nthiti ku mafunde. Funde lotsatira linalowa lonse. Bokosi linasuntha pang'ono, zingwe n'kulira, ndipo nyimbo inathera pakati pa mawu.

"Nkhafi!" anakuwa a Yotamu, akutsitsa moto wa injini.

Asuweni aja anatola nkhafi n'kuyamba kupalasa mwamphamvu kuti mphuno ya boti iyang'ane kumene mafunde ankachokera. NyaChirwa anayamba kukapa madzi ndi chidebe. Chakumtunda, mwina mtunda wa mabwalo ampira atatu, kunali miyala yokhayokha, ndipo mphepo inkatikankhira komweko pang'onopang'ono. Pagombe loti n'kukochezapo panalibe.

Ankhazi anagwada pafupi ndi bokosi, dzanja limodzi pa lona, lina pa chigubu chawo.

"Ada, tiyeni kunyumba, musatichite chonchi," anatero kwa malemu mchimwene wawo. Kenaka anatembenukira kwa a Yotamu. "Ukuona? Boti ili bambo ako analikana ali moyo. Iwe unkaganiza kuti alilola lero? Unagulitsa maukonde awo, lero ukufuna uwataye m'madzi."

Nkhope ya a Yotamu inangouma. Anandikodola kuti ndisendere pafupi, chifukwa mphepo inkaulutsa mawu.

"Alamu, mafuta aja munathira, alipo otsala? Tithiremo."

Botolo linali m'chikwama changa, lili ndi theka. Ndikanatha kunena kuti anatha. Ndikanathanso kuthira osawaonetsa, koma ndinkadziwa kuti mafuta opyapyala ngati amenewo angotuluka m'mphindi zochepa, n'kumalizanso timalabala totsalato. Ndinayang'ana miyala ija, ndinayang'ana mkazi wanga akukapa madzi, ndipo ndinatulutsa botolo n'kuwapatsa m'manja.

Analiwerenga. Analitembenuza n'kuwerenganso kumbuyo, ngati kuti mwina kumeneko kwalembedwa zina. Ndinkayembekezera chibakera, ndipo chikanandipepukira kuposa kukhala chete kumeneko.

"Bwezerani m'chikwama," anatero motsitsa. "Asaone. Tsopano ndiuzeni chochita."

Manyazi ndinawaika pambali, mutu n'kuyamba kugwira ntchito. Chimene chinkafunika ndi mafuta olemera, oti asathawe msanga pa labala lowonongeka, komanso oti atsuke mafuta anga aja. Oilo wa injini tinali naye wochepa, wosakwana n'komwe kudzaza paipi imodzi. Maso anga anagwera pamiyendo ya Ankhazi.

"Ankhazi, tikupempha chigubucho."

"Chiyani?"

"Mafutawo. Tithire m'chiwongolero."

"Mwapenga, akamwini? Awa ndi a pamaliro. Boti limadya mafuta okazingira kuyambira liti?"

NyaChirwa sanadikire kuti mkanganowo uthe. Anaika chidebe pansi, n'kunena mawu ochepa m'Chitonga omwe sindinawamve bwino, ndipo analanda chigubucho m'manja mwa azakhali ake. M'zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanamuonepo akulanda kanthu kwa munthu wamkulu.

Ndinadula botolo la madzi kuti likhale ngati faneli, n'kulilowetsa pakamwa pa pampu. Ntchito tinagawana motere: NyaChirwa azithira mafuta osalola kuti faneli iume, chifukwa ikauma mpweya umalowa m'mapaipi ndipo chiwongolero chimafa. A Yotamu azipotokola pang'onopang'ono mbali imodzi. Ine ndigone chafufumimba kumbuyo, ndimasule kabawuti kotulutsira mpweya pa silinda, mpaka zoipa zonse zituluke.

Pagalaja ntchito imeneyi ndi ya mphindi khumi, uku ukucheza za mpira. Apa mutu wanga unali pamwamba pa madzi akuda bii, msuweni mmodzi atandiponda mwendo kuti ndisagwe, uku akupalasa. Funde lililonse linkandimiza mpaka m'mapewa. Sipanala ndinaimangirira kudzanja ndi kachingwe, poti ikanagwa tikanathera pomwepo.

"Potokolani!" ndinakuwa.

Panatuluka thovu, kenaka mafuta anga aja atasanduka akuda, ali ndi tizidutswa ta labala. Ndinatseka. Anapotokolanso, ndinatsegula, thovu linanso. Tinachita zimenezi maulendo amene sindinawerenge, mbali ino kenaka mbali inayo. Nditadzutsa mutu kamodzi ndinaona kuti miyala ija yayandikira moti ndinkatha kuona ndowe zoyera za mbalame pamwamba pake. Sindinadzutsenso mutu.

Pomaliza panatuluka mafuta achikasu, oyera bwino, opanda thovu, onunkhira ngati chiwaya cha tchipisi. Ndinamanga kabawuti, n'kukulunga kumapeto kwa silinda ndi legeni ya chubu cha galimoto imene sindiyenda osainyamula.

"Yesani tsopano."

A Yotamu anapotokola, ndipo injini inatembenuka. Inatembenuka mwaulesi, koma inamva. Anawonjezera moto, tinadikira mpata pakati pa mafunde awiri, ndipo boti linakhota n'kuyang'ananso kumpoto. Palibe amene anaseka kapena kuombera m'manja. Nthawi inali itangokwana 11 koloko.

Kudontha sikunathe, kunangochepa. Kuyambira pamenepo ulendo wathu unkayezedwa ndi chigubu. NyaChirwa anaima pafupi ndi mchimwene wake, atakumbatira chigubu ndi mkono umodzi, akuthira pang'onopang'ono. Ine ndinakhala kumbuyo ndikufinya legeni ndi manja onse, ndikuona mafuta a pamaliro akusiya kamzere konyezimira pamadzi. Maso a Ankhazi sanachoke pa chigubu.

Cha m'ma 12 tinadutsa msodzi wina yemwe ankathawitsa bwato lake kukabisala kuseri kwa thanthwe. Ataona lona anavula chipewa.

"Zovuta za kuti?" anafunsa mokuwa.

"Za ku Usisya!"

"Musayandikire pamphuno ya phiri apo, madzi akuzungulira. Pitani chakunja."

Kupita chakunja kunatanthauza kupotokola kwambiri, ndipo kupotokola kulikonse kunali kutaya mafuta. Pamphuno imeneyo pokha tinasiyapo pafupifupi lita imodzi. Titadutsa, NyaChirwa anandionetsa chigubu. Mafuta anali atatsika kupitirira theka.

Itangodutsa 1 koloko tinayamba kuona mchenga wa ku Usisya chapatali, ndi timadontho takuda tomwe tinali anthu otidikira. Pomwepo NyaChirwa anazondotsa chigubu, anachigwedeza, n'kuchiika pansi. Patapita mphindi zisanu chiwongolero chinayambanso kupepuka.

Nthawi ino sindinadikire kuti chife. Ndinapempha a Yotamu kuti atsitse moto, ndinamasula bawuti yolumikiza silinda ku injini, ndipo tinamangirira nkhafi kumutu kwa injiniyo ndi chingwe cha nangula, kuti ikhale mkono wowongolera. Asuweni anayenera kukhala pa ntchito yogwira bokosi ndi kukapa madzi, a Yotamu pa moto wa injini ndi kuwerenga mafunde. Wotsala woti agwire nkhafiyo ndinali ine, mkamwini wa pamsewu.

Injini yaikulu choncho siwongoleredwa ndi manja. Ndinaika nkhafi m'khwapa, mapazi n'kuponda thabwa, n'kumakankha ndi thupi lonse. A Yotamu ankangoti "kumtunda" kapena "kunyanja", ine n'kumvera ngati ng'ombe ya pangolo. Nthiti zanga zinakhala zikundikumbutsa za ola limenelo kwa milungu itatu.

Tinagunda mchenga cha m'ma 2 koloko. Amuna analowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kunyamula bokosi, kulira n'kuyamba pagombe ponse. Ine ndinangokhala pamchenga. Ndinamva chisoni cha apongozi anga kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, poti m'botimo munalibe malo ake.

Thupi litalowa m'nyumba, akuluakulu a banja anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti amve kwa ife obwera nalo za matenda ndi za ulendo. Pamalo otere amalankhula ndi eni mbumba. Mkamwini amakhala kumapeto, ntchito yake ndi nkhuni ndi kuthandiza kumanda. Ankhazi anafotokoza za kuchipatala mwadongosolo, kenaka anafika pa za panyanja.

"Malemuwa anakana boti la mwana wawo," anatero. "Analiimitsa pakati pa madzi, pafupi kutiphera pamiyala. Mkwiyo wa maukonde aja apita nawo. Pakanapanda akamwini awa, amene anagona m'madzi kukonza, bwenzi mukulira anthu asanu ndi awiri."

Mitu yonse inatembenukira kwa ine, ikugwedezeka moyamikira. Mkulu wina anandithokoza m'Chitonga, "Yewo, ada." Kenaka mitu yomweyo inatembenukira kwa a Yotamu, ndipo kayang'anidwe kanali kena. Iwo anali atawerama, akujambula pansi ndi kamtengo. Ndinazindikira kuti sadzatsegula pakamwa. Adzakhala m'mudzi umenewu moyo wawo wonse akudziwika kuti ndi mwana amene bambo ake anamukana ali m'bokosi, ndipo palibe amene adzakwezenso wodwala kapena mwana wake m'boti limenelo. Ine maliro atatha ndikanakwera boti lina n'kubwerera ku galaja yanga ndili ngwazi.

Ndinasendera kutsogolo chogwada, ndikuomba m'manja motsitsa.

"Pepani akuluakulu, ndikudziwa kuti pano si polankhula ine."

Ndinatulutsa botolo lija n'kuliimika pakati pa bwalo. Ndinawauza zonse: kuti alamu anandiuza kumene mafuta oyenera amapezeka, kuti ine ndinadziona wodziwa n'kuthira a mabuleki, kuti mafutawo anadya timalabala, ndi kuti alamu anadziwa zimenezi tili pakati pa nyanja koma anandibisa. Ndinamaliza ndi kunena kuti malemuwo sanakane boti la mwana wawo. Amene analiimitsa ndine.

Mkulu uja anatola botolo, analiyang'ana, n'kulipereka kwa mnzake, ndipo linazungulira bwalo lonse. NyaChirwa, amene ankamva zimenezi koyamba, anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinadziwa kuti mlandu wanga weniweni ukazengedwa ku Chintheche. Ankhazi anadzuka. Analowa m'nyumba momwe munali bokosi, ndipo tonse tinawamva akulira akuti, "Ada, ndakunamizirani." Atatuluka anakakhala pafupi ndi a Yotamu n'kuwagwira bondo.

Tinaika maliro Lachisanu masana. Ndiwo zinali usipa ndi chigwada zophika ndi madzi, mchere ndi tomato basi. Mayi amene anandibweretsera mbale ananena mokweza, kuti onse amve, "Idyani, akamwini. Mafuta ake munamwetsa nyanja." Ndinadya zonse osasiya.

Loweruka m'mawa tinakwera boti la matola lobwerera ku Nkhata Bay, K12,000 munthu mmodzi, lokhala ndi injini ya mkono wamba imene ndinaiyang'ana mwaulemu waukulu. M'thumba ndinali ndi silinda ya a Yotamu, yoti ndikaifunire timalabala tatsopano ku Mzuzu pamodzi ndi mafuta ake enieni. Nyanja inali itagona ngati sinachitepo kanthu. A Yotamu anatiperekeza mpaka m'madzi, ndipo boti litatsala pang'ono kunyamuka anandipatsa kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. Ndinaganiza kuti ndi usipa. Linali botolo lija.

"Katundu wanu, alamu," anatero. "Kuno boti lilibe mabuleki."

Aka kanali koyamba kuwaona akumwetulira chimwalirireni bambo awo.

Botololo lili pa shelefu m'galaja yanga mpaka lero, ndi theka lake lomwelo. Sindinaligwiritsenso ntchito. Munthu akandibweretsera makina amene sindinawatsegulepo, ndipo pakamwa panga payamba kukonzeka kunena kuti ichi n'chimodzimodzi chakutichakuti, ndimayamba ndaliyang'ana. Kenaka ndimamuuza kuti sindikudziwa, adikire ndifunse.